Tsiku Limene Damu Linasiya Kudontha

Damu labwino limadontha. Eee, ndikudziwa, mukuti mayi uyu mutu sukuyenda bwino, koma ine ndagwira ntchito pa damu zaka khumi ndi zinayi, ndiye tandimverani. Lathu ndi la dothi, chikhoma chachikulu chotchinga mtsinje, ndipo madzi amalowerera m'dothimo pang'onopang'ono, mufune musafune. Amene analimanga ankadziwa zimenezi. Anaika mchenga ndi miyala m'kati mwa khomalo kuti madzi olowererawo azitsikira pansi n'kukatulukira pa paipi imodzi yaikulu kumunsi. Akamatuluka, khoma limakhala louma ndi lolimba. Akasowa potulukira amangodzazana m'katimo, dothi n'kuyamba kufewa, ndipo kumunsi kwa khomalo kumakhala anthu.

Ntchito yanga inali yoyeza madzi amenewo. Lolemba ndi Lachinayi ndinkatsegula geti la mpanda, n'kutsika masitepe 112, n'kutchera ndowa ya malita khumi pakamwa pa paipi, wotchi ili m'manja. Ndowa ikadzaza ndinkalemba masekondi m'kabuku. Ana akandiona pamsewu ankakuwa kuti, "Mayi a Ndowa!" ndipo dzinalo linandikanirira, mpaka mabwana a kulikulu ankanditchula choncho. Ine zinalibe nane kanthu. Ndowa imeneyo ndi imene inatipatsa nyumba ya kampani ya zipinda zitatu pafupi ndi damu, mmene ndinkakhala ndi ana anga awiri ndi apongozi anga aamuna. Amuna anga amayendetsa thiraki, pakhomo amaoneka kamodzi pamwezi. Ntchito ikatha nyumbanso yatha, zimenezo zinalembedwa pa pepala limene ndinasaina tsiku loyamba.

Lolemba lake m'mawa ndinatchera ndowa, ndinadina wotchi, n'kudikira. Zii. Paipi inali youma, ndi kadontho komwe kunalibe. Kangaude anali atayamba kale kuluka pakamwa pake.

Ndiulule ngakhale zili zamanyazi: ndinasangalala. Mphindi yathunthu ndinamwetulira ndekha ngati chitsiru. Paja sabata yonse yapitayo a injiniya anali atandisowetsa mtendere. Damu linali litadzaza koyamba patatha zaka ziwiri za chilala, ndipo ndowa imene inkadzaza pa masekondi 50 inali itayamba kudzaza pa 38. "Kayezeninso, mayi. Madziwo ndi oyera? Kayezeninso." Ndiye nditaona paipi youma, mtima wopusawu unati, ha, tapuma! Kenako mutu unadzuka n'kundifunsa kuti nanga madzi ajawo akupita kuti.

Ndinakwera khoma mwaliwiro. M'khomamo muli timapaipi tisanu toimirira, tozama, timene timatiuza pamene madzi afika m'kati mwa dothi. Timatsitsiramo tepi yokhala ndi kachitsulo kumapeto, kakakhudza madzi kamalira kuti pii. Pa kapaipi kachitatu kankalira tepi ikafika mamita naini. Tsiku limenelo kanalira pa seveni ndi theka, kusonyeza kuti madzi anali atakwera m'khomamo. Ndinaitulutsa tepiyo, ndinaipukuta ndi malaya, ndinaimenyamenya pantchafu, n'kutsitsanso. Pii, pomwepomwepo. Potsika ndinaponda pa kapinga wa pakhoma, nsapato n'kutitimira m'matope. Mvula inali itasiya milungu itatu yapitayo.

Ndinaimbira foni a injiniya. Timawatcha a Chisoti chifukwa chisoti chawo choyera savula ngakhale mu ofesi, ena amati ndi kubafa komwe amalowa nacho.

"Bwana, damu lasiya kudontha."

"Zikomo, mayi, lembani m'buku," anatero akutafuna kanthu. Kenako kutafunako kunaima. "Mwati chiyani?"

"Lasiya."

"Lachepa?"

"Lasiya, bwana. Ndowa ndi youma."

"Muli pa paipi yake yeniyeni?"

Asa! Zaka khumi ndi zinayi, paipi ndi imodzi yokha, ndiye munthu azindifunsa ngati ndasochera? Ndinameza mawu amene anali atafika kale palilime, n'kungowauza za kapaipi kachitatu ndi kapinga wonyowa. Foni anaidula osatsanzika.

Pasanathe ola anafika ndi a pulambala a kampani. Paipi yathuyo ndi yaikulu moti munthu woonda atha kukwawamo, koma lamulo limaletsa, ndipo a Chisoti ngakhale lamulo likanalola sakanakwanamo. Ikalowa mamita awiri imakhota, choncho tochi imangoonetsa pokhotapo basi. A pulambala analumikiza ndodo zawo zopindika zija zotsegulira mapaipi n'kuyamba kukankha. Ndodo inadutsa pokhota, kenako gu! Anabweza, anakankhanso. Gu!

"Ndi mizu?" ndinafunsa.

"Mizu siilira chonchi, mayi. Ichi n'cholimba."

"Mwala?"

"Mwala ungalowe bwanji m'paipi?"

"Ndiye n'chiyani?"

"Mukufunsa ine? Ine ndimadziwa za masinki."

A Chisoti anakhala pa sitepe yomaliza n'kuvula chisoti. Aka kanali koyamba kuti ndione mutu wawo, ndipo zinandiopsa kuposa pamene ndinaponda matope aja.

"Paipi yaphwanyika m'kati," anatero. "Ndiye kuti khoma lasuntha n'kuiphwanya." Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma khoma silisuntha tsiku limodzi. Manambala akanayamba kusintha kalekale. Mayi, ndiuzeni zoona. Mumatsikadi kuno kudzayeza, kapena mumangolembera pakhonde?"

"Bwana, afunseni mawondo angawa. Amalira usiku chifukwa cha masitepe anuwa."

"Ine sindikukunenani. Koma kulikulu adzafuna munthu woti amuloze, ndipo adzayambira pa kabuku kanu."

Ndinakwiya, ndinaopa, zonse nthawi imodzi. Ndinatsegula kabukuko n'kuyamba kuyang'ana manambala anga omwe, ndikudzifunsa ngati mwina ndinalakwitsa penapake. Mpaka ndinayamba kukayika ngati Lachinayi ndinatsikadi. Ndinatsika, ndikudziwa, chifukwa ndinaterereka pa sitepe ya 40, koma munthu akakuyang'ana choncho umayamba kudzikayikira wekha.

Kenako anayamba mafoni. Kulikulu kuli mabwana atatu. Woyamba anati tsegulani zitseko zonse zotulutsira madzi m'damu pompano, madzi atsike. Wachiwiri anati musayerekeze, tauni yakhala ikulandira madzi kawiri pasabata kwa zaka ziwiri, mukataya amenewa anthu atidya amoyo. Wachitatu anali ku msonkhano, anati tumizani zithunzi. Zithunzi za chiyani, abale inu? Ndinajambula paipi youma, ndinajambula ndowa yopanda kanthu, ndinajambula nsapato yanga yamatope. Anayankha kuti zithunzi sizikuonetsa vuto lililonse. Woyamba anaimbanso n'kufunsa chifukwa chake sitinatsegule. Wachiwiri anaimbanso n'kufunsa ngati tatsegula, kuti adziwe womuchotsa ntchito. A Chisoti ankangoti "Inde bwana, ayi bwana," thukuta lili kamukamu, foni ina kukhutu lino ina kukhutu linalo.

Cha m'ma 11 anagwirizana. Wani koloko tidzaliza sairini yochenjeza anthu a kumunsi, thu koloko tidzatsegula zitseko zonse zitatu mpaka madzi atatsika mamita anayi. Kumunsiko kuli minda ya masamba, kamlatho ka oyenda pansi ndi msika wa m'mbali mwa mtsinje. Zonsezo zikanapita ndi madzi, ndipo tauni ikanabwerera ku mipopi youma.

A Chisoti anandituma ku ofesi kuti ndikatenge pepala la manambala a foni a anthu oyenera kuchenjezedwa. Pageti ndinapeza a mlonda atakhala pa kampando kawo, wailesi ili pakhutu.

"Kwagwanji, mayi? Ndaona a bwana avula chisoti."

"Damu lasiya kudontha."

Anawomba m'manja, nkhope yonse mano okhaokha. "Ndiye zayenda! Koma madala aja ndi akatswiri eti!"

"Madala ati?"

"Apongozi anu. Si munawatuma Loweruka? Anabwera ndi wilibala, simenti theka la thumba, timiyala ndi tizida tawo. Ine ndinawathandiza kutsitsa pamasitepe. Dzulo atachoka kutchalitchi anabweranso, ati kudzamaliza."

Loweruka ndinali nditapita ndi mwana wanga wamng'ono kuchipatala cha mano, tinakhala pamzere tsiku lonse.

"Ndiye inu munawalola kulowa?"

"Anali ndi kiyi wanu, mayi. Ine ndimaletsa opanda kiyi."

"Nanga m'mawa wonsewu tikuthamanga ngati amisala, bwanji simunanene?"

"Palibe wandifunsa."

Ndikanakhala ndi ndowa m'manja ndikanawaveka kumutu. Ndinawauza kuti asatsegule pakamwa mpaka nditabwerera, n'kulunjika kunyumba m'malo mwa ku ofesi.

Apongozi angawa ndi mmisiri womanga nyumba, wopuma. Ali ndi zaka 74, oonda ngati bango, koma manja akadali achitsulo. Anabwera kudzakhala nafe chaka chatha akazi awo atamwalira. Chibwerereni m'nyumba mwanga simunadonthenso kanthu: mpopi, denga, ketulo, ngakhale botolo la mwana la kusukulu analimata. Sindinawakwezerepo mawu ndi tsiku limodzi lomwe. Munthu wobereka mwamuna wako ungamukalipire bwanji?

Ndinawapeza pakhonde atavala jekete la kutchalitchi, nsapato zopolisha, tsitsi atapesa. Lolemba masana! Ndinakhala pa sitepe.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, mayi, kaya inu. Mwaona?"

"Ndaona, bambo."

"A injiniya aonanso? Ndati ndivale bwino, mwina abwera kuno."

Mayo ine! Munthu akudikira kuthokozedwa. Ndinayang'ana pamsomali wa kuseri kwa chitseko, kiyi wa geti anali atabwezedwa bwinobwino pamalo pake m'mawa, ndipo ine ndinamutenga osadziwa kanthu. Lamulo limati kiyi azigona mu dirowa yokhoma ku ofesi. Palibe amachita zimenezo, aliyense amapita naye kwawo.

"Bambo, munachita chiyani m'paipi muja?"

Anaongola msana. "Lachitatu munadandaula patebulo pano kuti damu likudontha kwambiri, a injiniya akukuvutitsani. Simunadye n'komwe. Ine chaka chathunthu ndikudya zanu, kugona m'nyumba yanu, manja ali bwinobwino. Ndinati ayi, izi si zoona. Ndinakwawa mpaka kuseri kwa pokhota paja, chifukwa chodontha samatsekera pakamwa, amachitsatira m'kati. Pamenepo sipadzadonthanso, mayi, ngakhale ine nditafa."

"Bambo, pepani, koma damu limayenera kudontha."

Anandiyang'ana mmene amayang'anira mwana wonama. "Chinthu chosungira madzi chizidontha? Ine ndamanga matanki oposa makumi atatu. Limodzi likanadontha akanandithamangitsa ndi miyala."

"Tanki ndi ina, damu ndi lina."

"Nanga munkadandaula chiyani?"

"Linkadontha kwambiri."

"Ndiye mukufuna lizidontha kapena lisadonthe?"

"Lizidontha, koma osati kwambiri."

"Kwambiri kwake n'kotani?"

"Masekondi 50 ndi bwino. 38 ndi kwambiri."

"Iii, 38 n'kuposa 50? Nanga likapanda kudontha n'komwe?"

"Ndiye zoopsa kuposa zonse."

Anapukusa mutu, ndipo kunena zoona ndi ine ndemwe ndinamva ngati ndikulankhula zamisala. Ndinatenga siponji yotsukira mbale, ndinainyowetsa, ndinayesa kuwaonetsa mmene dothi limasungira madzi. Anati siponji si khoma. Ndinawauza za kapinga wonyowa, za sairini ya wani koloko, za minda ndi msika. Apo ndiye anasiya kutsutsa.

"Msika wa kumlatho uja?"

"Womwewo, bambo."

Ndinalowa kuchipinda n'kuimbira amuna anga. Anali pamzere wa mathiraki kwinakwake kutali, mainjini akulira.

"Bambo anu atseka damu ndi simenti."

"Atani?"

"Atseka paipi ya damu!"

"Ndiye si bwino zimenezo?"

"Inunso? Anthu inu mwapangana?"

"Chabwino, chabwino, koma musawakalipire, paja mtima wawo uja. Mwati damu latani?" Netiweki inaduka.

Ndinakhala pabedi, wotchi ikuti 12:20. Sindibisa, ndinaganiza zongokhala chete. Zitseko zikanatsegulidwa, madzi akanatsika, khoma likanapulumuka, ndipo simentiyo akanadzaipeza mwezi wamawa makontirakita akamakumba. Mwina pofika nthawiyo ndikanapeza chonena. Mwina a mlonda akanaiwala. Ndinaganiza choncho mphindi khumi zathunthu, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Koma ndimawadziwa amayi a m'minda ija, ndimagula tomato kwa iwo, wina mwana wake ali kalasi imodzi ndi wanga. Ndinatuluka.

"Bambo, vulani jekete. Valani nsapato zakale."

Tinatsika masitepe 112 aja, iwo patsogolo ine pambuyo. A Chisoti atationa anakweza manja.

"Mayi, ndinakutumani pepala, mwabwera ndi agogo? Muno ndi moletsedwa!"

"Bwana, paipi sinaphwanyike. Khoma silinasunthe. Awa ndi apongozi anga, ndi amisiri omanga. Ali ndi mawu."

Madala anavula chipewa n'kufotokoza zonse, mwadongosolo, ngati akupereka lipoti kwa kapitawo. A Chisoti anayang'ana a pulambala, a pulambala anayang'ana ndodo zawo.

"Simenti," anatero a Chisoti. "M'paipi yanga. Mwaika simenti."

"Magawo atatu mchenga, limodzi simenti, bwana. Sindinabe."

"Mukudziwa kuti kuseri kwake kwadzazana madzi a masiku awiri? Munthu akakwawamo ndi hamala n'kuswa, atuluka ngati chipolopolo. Kubweretsa makina ndi mawa. Ndiye n'chimodzimodzi, zitseko titsegula basi."

"Pepani bwana, ndifunse," anatero madala. "Inu munayamba mwamatapo pamene madzi akuyenda?"

"Ayi."

"Simenti singagwire madzi akuyenda. Ndiye umaika kaye kapaipi kakang'ono pakati, madzi azidutsa momwemo, iwe n'kumanga mozungulira. Ikauma, m'pamene umabwera n'kukhomera chipika pa kapaipiko. N'chifukwa chake ndinabweranso dzulo. Chipikacho ndinachiboola kumutu n'kumangapo waya. Ndimatero nthawi zonse, mwina mwiniwake adzafuna kutsuka tanki."

A pulambala ndi amene anayamba kulankhula. "Ndiye kungomangirira chingwe pa wayayo n'kukoka tili panja?"

"Basi," anatero madala.

"Lamulo silola munthu kulowa m'menemo," anatero a Chisoti. Anayang'ana wotchi. Inali 12:50. Anavala chisoti chawo n'kuchitsitsira kumaso. "Ine ndikuyang'ana uko. Sindikuona kanthu."

Madala tinawamanga chingwe china pakakolo kuti zikavuta tiwakoke. Anagona chafufumimba n'kulowa, tochi kukamwa, chingwe chokamangirira pa waya chili m'manja, mapazi n'kuzimirira pokhota paja. Ndinagwira chingwecho mpaka zala zinachita dzanzi. Ndinkaganiza kuti akafera mmenemu ndikawauza chiyani amuna anga, kuti ndinawalowetsa ndekha bambo awo m'paipi? Patapita nthawi imene ine ndinaiona ngati chaka, mapazi anaonekanso, kenako msana, kenako mutu uli mbuu.

"Kokani, koma muime pambali."

Tinakoka atatu. Koyamba kanthu ayi. Kachiwiri chingwe chinangolira. Kachitatu, phu! Tonse tinagwa chagada, chipika chinauluka n'kukagunda mpanda, madzi n'kutuluka mwamphamvu ngati a ozimitsa moto. A Chisoti anakwawa ndi mawondo, anatunga m'botolo n'kuliyang'anitsa padzuwa. Loyamba linali lotuwa. Anatunganso. Lachitatu linali loyera, moti unkaona zala kuseri kwake. Madzi oyera ndiye kuti dothi la khoma silikukokoloka. A Chisoti, munthu wamkulu uja, anakhala m'matope n'kuyamba kuseka, kuseka kwake kokhala ngati kulira.

Sairini sinalire. Anatsegula chitseko chimodzi pang'ono chabe, mtsinje sunasefukire, amayi a m'minda sanadziwe n'komwe kuti kunali nkhani. Pofika fo koloko kachitsulo ka pa tepi kanalira pa mamita eyiti, madzi a m'khoma akutsika. Madala ndinawauza kuti atsogole kunyumba akasambe. Anakwera masitepe okha, akupumira panjira, osacheuka.

Ine a Chisoti anandiitanira mu ofesi. Patebulo panali fomu ya lipoti la ngozi, ya masamba anayi. Anatseka chitseko.

"Mayi, kulikulu akufuna lipoti lero. Simenti ija aibomola ndi makina, nkhani singabisike. Pa tsamba lachiwiri pali funso lakuti munthuyo analowa bwanji." Anandikankhira fomuyo. "Njira zilipo ziwiri. Mukalemba kuti anatenga kiyi inu osadziwa, zimene ndi zoona, inuyo mungolandira kalata yochenjeza chifukwa cha kiyi. Koma iwo ndiye kuti analowa mwakuba n'kuwononga damu. Imeneyo ndi nkhani ya apolisi, ndipo kampani siikhululuka. Awatenga mawa m'mawa."

"Munthu wa zaka 74? Si iwo omwe apulumutsa madziwa?"

"Ndi iwonso anawatseka. Fomu ilibe malo a zonse ziwiri."

"Njira inayo?"

"Mukalemba kuti munawatuma ndinu, iwo ndi waganyu chabe, alibe mlandu. Koma inu muima ntchito lero lomwe, ndipo nyumba mutuluke pasanathe masiku makumi atatu. Malamulo mukuwadziwa." Anakanda pachipumi. "Ndipo akakusekani, mayi. Adzati mayi uja anayeza madzi zaka khumi ndi zinayi osadziwa chimene amayezera."

Zimenezo ndiye zinandiwawa kuposa za nyumba. Ine damu limeneli ndimalidziwa kuposa aliyense. Ndimadziwa sitepe iliyonse yogwedera, ndimadziwa fungo la madzi ake mvula ikayandikira. Lero m'mawa ndine ndinazindikira kuti paipi youma ndi tsoka pamene mabwana ankapempha zithunzi. Ndiye ndilembe ndi dzanja langa kuti ndine mbuli?

"Inu mukanalemba chiyani, bwana?"

"Musandifunse. Ine lero sindikudziwanso chabwino ndi choipa."

Ndinagwira cholembera. Ndinaganiza za ana, sukulu yawo ili pafupi pompa. Ndinaganiza za lendi ya m'tauni, zipinda ziwiri anthu asanu. Ndinaganiza zoimbiranso amuna anga, koma akanangondifunsa kuti damu latani. Ndinali wokwiya ndi madala aja, wokwiya kwambiri, moti akanakhala mwana wanga akanaona zakuda. Koma nthawi iliyonse ndikati ndilembe mawu akuti "mwakuba", ndinkawaona atakhala pabenchi ya kupolisi opanda lamba ndi zingwe za nsapato, akuyesa kufotokozera kamnyamata ka yunifolomu za magawo atatu a mchenga. Dzanja linakana.

Ndinalemba kuti: Ndinawapatsa kiyi ndine, ndinawatuma ndine. Ndinasaina.

A Chisoti anawerenga kawiri. "Mukudziwa kuti ndikudziwa kuti ndi bodza?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anadinda chidindo. Ndinasiya kiyi, kabuku, wotchi ndi tepi patebulo. Ndowa ndinaima nayo kanthawi, osadziwa ngati ndi yanga kapena ya kampani, mpaka ndinaisiya pakhomo pa ofesi. A mlonda pageti anandifunsa ngati madala awapatsa kenakake kowathokoza. Ndinangodutsa.

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinafika kunyumba. Ana anali asanabwere ku masewero. Apongozi anali atakhala pakhonde, osati pampando wawo koma pa sitepe, atavalanso jekete lija. Pambali pawo panali sutikesi yawo yakale yomanga ndi chingwe, bulangete lopinda, ndi thumba la zida, mpeni womangira ukusuzumira pamwamba. Atandiona anaimirira n'kuvula chipewa.

"Mayi, ndalongedza. Musavutike kundiuza, ndikudziwa ndekha. Ndakulakwirani kwambiri. Ndipita kwa mlongo wanga, ali ndi kachipinda kosungiramo makasu. Ndimangodikira kuti nditsanzike, komanso ngati apolisi akubwera andipeze pano, asakusokonezereni ana."

"Apolisi sabwera, bambo."

"Sabwera?" Anandiyang'ana osamvetsa. "Nanga a injiniya anati chiyani?"

Ndinafuna kukalipa. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, mawu oti akanawakumbukira mpaka kumanda. Koma ndinangokhala pa sitepe pafupi ndi sutikesiyo, misozi n'kuyamba yokha.

"Kwa alongo anu simupita," ndinatero. "Mukhala ndi ife."

Anaima kanthawi akupotokola chipewa m'manja. Kenako anawerama pang'onopang'ono n'kuyamba kumasula chingwe cha sutikesi. Ndinagwira dzanja lawo, koyamba chikwatiwireni.

"Musamasule, bambo. Tonse tikusamuka."